Tifunseni za Galimoto: Ndikufuna kagalimoto ka sipoti kakale ka manual, koma thumba ndi lochepa

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzimodzi, anthu akufuna magalimoto a sipoti akale aja osintha magiya ndi dzanja, nde ndasankhapo asanu. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo, mundikhululukire.

Funso: Zikomo akulu. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndakhala ndikusunga ndalama zaka zitatu kuti ndigule galimoto yanga yoyamba ndipo ndikufuna ya sipoti, ya manual. Ndapeza ziwiri, Mazda RX-8 ya 2004 yooneka bwino zedi komanso yotchipa modabwitsa, ndi Suzuki Swift Sport ya 2008 yomwe ndi yodulirako pang'ono. Anzanga akuti Swift si galimoto ya sipoti olo pang'ono. Mtima wanga uli pa RX-8. Ndipange bwanji?

Yankho: Achimwene, mawu anu omwewo akuti "yotchipa modabwitsa" ndi amene andiimitsa mutu, ndipo ndikufuna muwaganizirenso bwinobwino musanatulutse ndalama zomwe mwavutikira zaka zitatu. Galimoto yamphamvu, yokongola, koma ikugulitsidwa motsika kuposa kagalimoto kakang'ono, nthawi zambiri mwini wake akudziwa bilu yomwe ikubwera ndipo akufuna bilu imeneyo ikapezeke m'manja mwa wina.

Ndiyambe ndi kunena kuti RX-8 ineyo ndimaikonda. Inatuluka mu 2003 mpaka 2012, imakhota bwino kwambiri, ili ndi tizitseko takumbuyo totseguka chobwerera, ndipo yamphamvu ija ya magiya 6 imakwera mpaka ma rev 9,000 (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) mosalala ngati palibe chikuchitika. Koma injini yake si ya mapisitoni ngati zomwe makaniko ambiri anazolowera. Ndi ya rotary, nzeru ya injiniya wa ku Germany Felix Wankel, mkati mwake muli zitsulo ziwiri za makona atatu zotchedwa ma rotor zomwe zimazungulira, ndipo pa nsonga iliyonse pali ka seal kotchedwa apex seal komwe kamatseka mpweya kuti usathawe. Tima seal timeneti tikadyeka compression (mphamvu yopanikiza mpweya mkati mwa injini) imatsika, compression ikatsika galimoto imayamba kuvuta kulira makamaka ikatentha, kenako mapeto ake ndi kumasula injini yonse, ndipo si makaniko aliyense amene angaimasule nkuibwezeretsa bwino. Injini imeneyi imawotchanso oyilo mwadala, inapangidwa choncho, pali kapampu kopopera oyilo mkati kuti ma seal aja asaume, nde mwini wake akakhala munthu woiwala kuyang'ana oyilo ndiye kuti inakhala ikudyeka mwakachetechete. Muonjezerepo petulo, imamwa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa injiniyo, komanso ukailiza kozizira nkuizimitsa pompo imatha kusefukira mafuta nkukana kuliranso.

Ngati mtima wakanika ndithu, chitani izi. Iyendetseni mpaka itenthe bwinobwino, muizimitse, mudikire mphindi zochepa nkuilizanso. Ikamazungulira nthawi yaitali isanagwire, isiyeni pomwepo. Ndipo musagule popanda kuyeza compression ndi makina oyezera rotary, chifukwa ka geji wamba ka mapisitoni sikaonetsa mbali zitatu za rotor iliyonse padera padera. Wogulitsa akakana kuyezetsa wakuyankhani kale.

Koma mwandifunsa maganizo anga nde ndikuuzani mosapsatira, tengani Swift Sport. Anzanuwo akuyang'ana maonekedwe, sanakayendetse. Ka 2008 kameneko kali ndi injini ya 1.6 yotchedwa M16A, ma horsepower 125, tcheni m'malo mwa lamba pa timing (chogwirizanitsa kayendedwe ka ma valve ndi mapisitoni), palibe turbo yoti ikudwalitseni mutu, ndipo kamalemera kungopitirira tani imodzi pang'ono. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ya magalimoto a sipoti kwa munthu wa ndalama zochepa: kupepuka. Galimoto yopepuka simafuna mphamvu zambiri kuti ikusangalatseni, imamva chiwongolero msanga, imaima msanga, matayala ake ndi ang'ono nde otchipa, ma pad a mabuleki amakhalitsa, petulo naye simudandaula. Pa kagalimoto ngati aka mumatha kuponda moto mpaka pansi pa giya 2 ndi 3, kumva injini ikukuwa, kusintha giya, koma liwiro likadali loti simukuika moyo wa munthu pachiswe. Pa galimoto ya ma horsepower 300 mukapanga zomwezo masekondi ochepa chabe mwadutsa kale malire a liwiro. Chomwe ndingakuchenjezeni pa Swift imeneyi nchakuti magiya ake 5 ndi afupiafupi, pa ulendo wautali injini imakhala ikulira mokweza ndipo zimatopetsa m'makutu. Yotsatira yake, ya magiya 6 ndi ma horsepower 136, inakonzako zimenezo ngati thumba lingafike.

Simunaitchule koma ndikanalakwa kusanenapo za Mazda MX-5, yomwe kwina imadziwika kuti Miata kapena Roadster. Inayamba mu 1989, yoyambirira ija ya nyali zotuluka m'mwamba sinkafika tani imodzi, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo giya yake ndi imodzi mwa zokoma kwambiri zomwe dzanja langa linagwirapo, kaifupi, kolowa kuti tswii popanda kusakasaka. Pofika 2016 anali atapanga zokwana 1 miliyoni nde masipeya ndi nzeru za kakonzedwe zilipo zambiri. Mdani wake ndi dzimbiri, m'munsi mwa zitseko chakumbuyo, m'mphepete mwa matayala akumbuyo, ndipo pa mtundu wachiwiri wa 1998 mpaka 2005 ngakhale zitsulo za chassis zakutsogolo. Timabowo totulutsa madzi a pa denga lansalu tikatsekeka madzi amakhazikika mkati nkumadya chitsulo kuchokera mkati, kunja penti ikuwala. Ndi ya mipando iwiri yokha ndipo buti ndi kakang'ono, nde ngati idzakhale galimoto yanu yokhayo muziganizire.

Chinthu chomaliza, ndalama zonse mwasungazo musazithere pogula. Siyani pambali gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa galimoto iliyonse ya zaka zoposa 15 ikangofika pakhomo imafuna oyilo, mafyuluta, mapulagi, mafuta a mabuleki, mwinanso matayala, olo wogulitsa alumbire kuti yangochoka ku sevisi.

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndinaphunzira kuyendetsa pa manual ndipo otomatiki imandigonetsa tulo. Loweruka ndikukaona Toyota Altezza RS200 ya magiya 6. Sindidziwa zambiri za injini, nde ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe ngati klatchi ndi giyabokosi zili bwino? Ndikuopa kunamizidwa poti ndine mzimayi.

Yankho: Mayi, mwasankha bwino ndipo musaope, zambiri zomwe ndikuuzeni apa zimafuna phazi, khutu ndi maso basi, sizifuna sipanala. Altezza inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ili ndi zitseko zinayi nde ana akwanamo bwinobwino, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo RS200 ya manual ili ndi injini ya masilinda anayi ya 3S-GE ya ma horsepower 210. Onetsetsani kuti ndi RS200 yeniyeni, chifukwa ilipo inzake AS200 ya masilinda sikisi, injini ya 1G-FE, yomwe ndi yofatsa ndipo mphamvu zake ndi zocheperapo, nayo ndi yabwino koma musalipire mtengo wa ina nkutenga ina. Mudziwiretunso kuti 3S-GE imeneyi pa ma rev otsika imakhala ngati yaulesi, imadzuka ikakwera m'mwamba, nde musaganize kuti yadwala.

Choyamba muwauze ogulitsawo kuti asailize inu musanafike, mukafika tsegulani boneti mugwire pafupi ndi injini mumve ngati ndi yozizira. Ine zinandichitikira zaka za m'mbuyomu, ndinapeza galimoto itatenthetsedwa kale, bambo wake akuti amangoichotsa padzuwa, ndinagula, mmawa wake ndikuliza ndinaona utsi wa buluu wodzadza bwalo lonse ndipo ndinalira nayo miyezi yambiri, mpaka lero ndikapeza injini yotentha ndimabwerera nkudzabweranso tsiku lina. Injini yozizira ndi imene imanena zoona. Utsi wa buluu ndi oyilo akupsa, utsi woyera wambiri wosatha olo injini itatentha ndi madzi akulowa mosayenera, nthawi zambiri gasket yotseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Tsegulaninso chotsekera oyilo muone kunsi kwake, mukapeza zoyera zonata ngati thovu muchenjere, ngakhale nthawi zina zimabwera chabe chifukwa galimoto imangoyenda mitunda yaifupi.

Tsopano klatchi. Injini ikulira, giya ili pa neutral, mverani phokoso, kenako pondani klatchi mumverenso. Ngati mukaponda kukubwera kulira kwa chitsulo kapena kukwecha, ndi release bearing imeneyo, kachitsulo kotchipa koma kuti ukafikire mpaka giyabokosi yonse itsike, nde ndalama imapita pa ntchito. Muone pomwe klatchi ikugwirira, ikamagwira m'mwamba penipeni phazi litatsala pang'ono kuchoka, nthawi zambiri ndiye kuti yatsala pang'ono kutha. Koma mayeso enieni ndi a pamsewu. Muli pa liwiro lotsika, tinene makilomita 50 pa ola, lowetsani giya 4 kapena 5 nkuponda moto mpaka pansi. Galimoto ya klatchi yabwino imangoonjezera liwiro pang'onopang'ono, ma rev ndi liwiro zikukwera limodzi. Ma rev akalumpha okha liwiro osasintha, klatchi ikuterereka, mwinanso mumva kafungo kopserera. Zimenezi sizoti musiyire galimoto, klatchi ndi chinthu chomwe chimatha basi ngati nsapato, koma mtengo utsike molingana.

Giyabokosi ndiye muifatsire chifukwa ndi yodula. Lowetsani giya iliyonse, 1 mpaka 6 ndi rivesi, muli chiimire komanso mukuyenda. Mkati muli timphete totchedwa ma synchro tomwe timafananitsa liwiro la magiya asanalumane, ndipo timayamba kutha pa giya 2 ndi 3 poti ndi pomwe anthu othamanga amamenyetsa. Nde yesani kuchoka 1 kupita 2 mwachangu ma rev ali m'mwamba, kenako kutsika kuchoka 3 kubwera 2. Ikalira kuti khrrr, synchro yapita. Kuuma pang'ono kukazizira mmawa si zachilendo ayi, koma kukukuta giyabokosi itatentha ndi matenda. Yesaninso kuponda moto nkusiya mwadzidzidzi pa giya iliyonse, ngati ndodo ikudumpha yokha kubwerera pa neutral musagule, kapena mugule mukudziwa kuti giyabokosi ina ikufunika.

Ma Altezza ambiri anadutsa m'manja mwa anyamata okonda kuzungulitsa galimoto ndi kutereretsa kumbuyo, nde yang'anani zizindikiro. Mukamakhota pang'onopang'ono chiwongolero chili kumapeto, matayala akumbuyo akamalumphalumpha ndi kulira ndiye kuti mwina diff (kabokosi ka magiya kogawa mphamvu ku matayala akumbuyo) inawotcheredwa, imeneyo si galimoto yonyamuliramo ana pamsewu wonyowa. Muone mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi ma fender ngati ikufanana mbali zonse, muone ngati penti ikusiyana mtundu padzuwa. Matayala onse anayi akhale a saizi yoyenera, ndipo pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, tayala lokalamba limauma olo mizere ikuoneka yakuya. Funsani kuti timing belt inasinthidwa liti ndipo akuonetseni pepala, palibe pepala muwerengere kuti musintha nokha sabata yoyamba. Nambala ya chassis pa galimoto ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Ndipo tengani makaniko wanu, wolipidwa ndi inu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Akwezetse galimoto aone kunsi. Izi ndimauza abambo ndi amayi chimodzimodzi, inenso ndimatenga mnzanga chifukwa munthu ukaikonda galimoto maso amasiya kuona.

Funso: BMW E46 325i kapena Golf GTI Mk5, zonse za manual, mtengo ukufanana. Ndi iti yosavutitsa?

Yankho: Bambo, yosavutitsa ndi yomwe ili ndi mapepala a sevisi ochuluka, chifukwa zonsezi ndi galimoto zabwino zomwe zimalanga munthu wozinyalanyaza. E46 ili ndi injini ya masilinda sikisi ondondozana yomwe kulira kwake kokha kumakoma ndipo ndi yolimba, koma za madzi oziziritsa zambiri ndi za pulasitiki, kathanki ka madzi, thermostat, water pump, zikakalamba zimasweka osachenjeza ndipo injini imeneyi ikangotentha mopitirira kamodzi mutha kuitaya. Mukagula musinthe zonsezi nthawi imodzi osadikira. Muonetsenso pansi kumbuyo pomwe subframe (chitsulo chonyamula matayala akumbuyo) imamangirira ku thupi la galimoto, pamadziwika kuti pamang'ambika.

Golf GTI Mk5 inabwera mu 2004 ndi injini ya 2.0 turbo ya ma horsepower 200, imakoka ndi kutsogolo, ili ndi malo ambiri ndipo pa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi yosavuta kukhala nayo. Pali kachitsulo kakang'ono kotchedwa cam follower pansi pa pampu ya petulo, kamadyeka, ndipo kakabooka kamawononga camshaft ndi pampu yomwe, pamene kukasintha nthawi yake ndi ntchito yaing'ono. Timing belt, ma coil ndi diverter valve nazo muzifunse. Ineyo ndikanatenga BMW chifukwa cha injini ija ndi kukoka kwa kumbuyo, koma pokhapokha ngati pafupi nanu pali makaniko amene amazidziwadi komanso masipeya akupezeka. Ngati palibe, musatenge iliyonse mwa ziwirizi, yang'anani Toyota Celica kapena Corolla ya injini ya 2ZZ-GE, ya 1.8 yomwe Toyota inapanga pamodzi ndi Yamaha, imasintha khalidwe ikadutsa ma rev 6,000 ndipo siifuna zambiri kupatula oyilo wabwino wokwanira nthawi zonse.

Funso: Ndapeza Subaru Impreza WRX yomwe mwini wake anaikonza kale, ekizozi yaikulu, turbo yaikulu, anaitsitsa kuti iyandikire pansi, akuti anasinthanso kompyuta ya injini kuti ikhale ndi mphamvu zambiri. Akuti zida zokhazo ndi zodula kuposa mtengo womwe akundiuza. Si mwayi umenewu?

Yankho: Ayi achimwene, ine sindikuonapo mwayi, ndipo ndikukupemphani muganize kawiri. Munthu saika turbo yaikulu kuti aziyenda pang'onopang'ono, nde dziwani kuti injini, klatchi ndi giyabokosi zaona zambiri. Vuto lalikulu ndi la kompyutalo, simukudziwa anaisintha ndani, ndi luso lotani, pa petulo wa mtundu wanji. Injini ya turbo ikamalandira petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, kapena moto wa mapulagi ukamabwera msanga, imagogoda mkati mpaka pisitoni kusweka, ndipo zimachitika mu masekondi. WRX imakoka ndi matayala onse anayi, zomwe ndi zokoma pa mvula, koma zikutanthauzanso kuti matayala onse anayi azikhala ofanana kukula ndi kutha kwake, limodzi likawonongeka nthawi zina mumagula onse. Inshuwalansi nayo muwauze zoona za zomwe zinasinthidwa, mukabisa akhoza kudzakana kulipira tsiku la ngozi.

Mukafuna WRX sakani yomwe sinakhudzidwe, olo ikhale yodulirapo ndi yosaoneka mochititsa kaso. Kutsitsa galimoto ndi masipuling'i odula ndi macheka ndiye ndimadana nako kwambiri, kumaononga kakhotedwe komwe mainjiniya anavutikira ndipo kumapha ma shock.

Funso: Ndili ndi laisensi koma chiphunzirireni ndimangoyendetsa otomatiki. Ndikufuna kagalimoto ka sipoti ka manual koma ndikuopa kuti ndipsereza klatchi sabata imodzi. Ndisiye?

Yankho: Musasiye mwana wanga, koma muyambe mwaona laisensi yanu, chifukwa m'mayiko ena ukayesedwa pa otomatiki umaloledwa otomatiki yokha mpaka utayesedwanso. Klatchi siipsa chifukwa galimoto yakuzimirani kangapo, kuzima kumangochititsa manyazi basi. Chomwe chimaipha ndi zizolowezi, kusiya phazi litatsamira pa pedulo mukuyenda, kuimika galimoto pachitunda ndi klatchi m'malo mwa buleki, ndi kunyamuka ma rev ali m'mwamba uku mukuibweza mozengereza. Pa maloboti ikani neutral muchotse phazi. Dzanja nalo lisamagone pa ndodo ya giya, mukasintha libwerere pa chiwongolero.

Kwa woyamba ngati inu ndingasankhe kagalimoto kopepuka kopanda turbo, Swift Sport kapena MX-5 tanena pamwamba paja, klatchi zake ndi zofewa ndipo zimakhululuka. Pezani malo athyathyathya opanda anthu ndi munthu wodziwa pambali panu, lowetsani giya 1, musaponde moto olo pang'ono, muzingobweza klatchi pang'onopang'ono mpaka galimoto iyambe kukwawa yokha, pondaninso, bwerezani kambirimbiri mpaka phazi lidziwe lokha pomwe imagwirira. Tsiku lachiwiri mukapeze kachitunda kakang'ono muyesere kunyamuka ndi handibuleki, kokani, pezani pogwirira paja mpaka mumve galimoto ikufuna kupita, onjezerani moto pang'ono, tsitsani handibuleki. Mukakwanitsa kakhumi motsatizana osabwerera m'mbuyo, lowani mumsewu, koma muyambe ndi mmawa wa Lamlungu magalimoto asanachuluke.